Sewero Liri la Yani?

Ndifuna kukuuzani za colakwa canga, ndi umo mwana wogontha anandiphunzitsira nchito imene ndinayesa kuti ndiidziwa kale.

Ine ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya mpingo m'mbali mwa nyanja, pafupi ndi Chintheche. Caka cina akuru a mpingo anandipempha kuti ndikonze sewero la Msamariya Wacifundo, lakuti ana akacite pa Khirisimasi. Ndinasankha ana 10 odziwa kuwerenga bwino, ndipo mau onse ndinawalemba m'Cingerezi, pakuti ndinafuna kuti anthu atame sukulu yathu, ndi ine ndemwe.

Panali mnyamata wa zaka 13, amene malungo anamtseka makutu ali wamng'ono. Masiku onse pamene tinali kuyeseza, iye anaima pazenera napenya. Tsiku lina agogo ace anadza kwathu, nakhala pamphasa, nati, "Aphunzitsi, kodi mdzukulu wanga analakwanji?" Ine ndinati, "Agogo, sewero ndi mau. Wosamva adzalowamo bwanji?" Iwo sanayankhe kanthu. Anangondipatsa usipa umene anadza nao, napita. Usipa umenewo sunandikomere.

Sabata lomwelo kunali malipenga pabwalo la mudzi. Inu a ku Kande, Mpamba ndi Usisya mudziwa gule ameneyu, kuti anayamba pakutsanzira perete wa asilikari, nafala itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndi kuti gulu liri lonse, limene dzina lace ndi boma, liri ndi mfumu yace, dokotala wace ndi oomba ng'oma ace. Pamzere wa ana otsanzira kumbuyo ndinaona mnyamata uja, ali kubvina wosaphonya phazi. Ng'oma yaikuru anali kuimva m'cifuwa ndi m'mapazi, maso ace ali pa mtsogoleri. Ndinacita manyazi, pakuti a malipenga anampezera malo amene ine, munthu wa sukulu, ndinam'mana.

Usiku umenewo ndinakumbukira zimene ndinawerenga ku sukulu ya uphunzitsi. M'nyumba za masewero za ku Ulaya muli wanchito wina, dzina lace dramaturg. Iye saonekera pabwalo, koma akhala pambali pa mlembi ndi ocita sewero, nafunsa kuti nkhaniyo itanthauzanji ndi kuti adzaimva ndani. Woyamba kudziwika ndi nchitoyi anali Gotthold Lessing ku Hamburg, m'dziko la Germany, m'caka ca 1767.

Kwathu kuno mafunso otere anafunsa a Chris Kamlongera ndi a David Kerr, pamene anali aphunzitsi ku Chancellor College ku Zomba. Gulu la ophunzira la Travelling Theatre linazolowera kucita masewero a Cingerezi m'masukulu. Koma m'caka ca 1981 iwo anapita nalo ku Mbalachanda, m'boma la Mzimba, nakonza masewero a mabvuto a anthu a komweko. Kuyambira 1985 anacita comweco m'midzi ya ku Liwonde pa nkhani za umoyo, monga zitsime ndi zimbudzi. Pakati pa sewero anali kuleka ndi kufunsa oonerera kuti, nanga munthu uyu acitenji? Potero amai, amene pabwalo la milandu sayankhula kawirikawiri, anayamba kuyankha, ndipo sewero linasanduka lao. A Kamlongera omwewo analemba m'caka ca 1986 za malipenga athuwa, kuwawerengera pamodzi ndi masewero.

M'mawa mwace ndinang'amba mapepala anga. Tinatembenuza nkhani yonse m'Citonga, kuti agogo aja ndi anzao amve. Poyamba ndinati mnyamatayo akhale munthu wobvulazidwa ndi acifwamba, wongogona panjira. Koma mtsikana wina anati, "Aphunzitsi, pamenepo mwamuyesa mphasa." Ananena zoona, ndinafuna kumlowetsa pakhomo ndi kumkhazika pakona. Tsono tinamuyesa Msamariya mwini, pakuti m'fanizoli Msamariya mau ace ndi owerengeka, koma nchito zace ndi zambiri. Mau ocepawo tinapatsa wofotokoza nkhani, ndipo tinabwereka ng'oma yaikuru ya malipenga kuti imdziwitse nthawi yakulowa.

Musayese kuti zinali zapafupi. Kuyeseza kwa sabata ziwiri kunatenga mwezi. Mwana amene anali Msamariya poyamba anali wa mkuru wina wa mpingo, ndipo tinamuyesa Mlevi. Atate ace sanandipatse moni kufikira nyengo ya kukolola.

Pa tsiku la sewero, mnyamatayo polowa anthu ena anaseka. Koma iye anagwada, nang'amba malaya ace enieni, namanga mabala a mnzace pang'onopang'ono, namsenza pamsana, popeza buru tinalibe. Kuseka kunaleka. Ine sindinamuuze zakung'amba malaya; anaziganizira yekha, ndipo anali nao awiri okha. Pakutuluka agogo ace anandigwira dzanja nati, "Lero mwamuona."

Tsono, aphunzitsi anzanga ndi atsogoleri a Sande Sukulu, nyengo ya masewero ikafika musayambe ndi kufunsa kuti adziwa kuwerenga ndani. Yambani mwapenya pazenera, muone amene aima pamenepo: wogontha, wopunduka, wacibwibwi, wamasiye wosowa zobvala. Ndipo mukamlowetsa, mumpatse mbali yakuti iye akasowa sewero silingacitike. Nkhani ikakana kumlandira, konzani nkhaniyo, pakuti pepala lilembekanso, koma mwana akacoka pazenera kawirikawiri sabweranso.

Ndine wanu m'nchito,
Mphunzitsi wa ku Chintheche.