Kanyama ka m'nyanja ya mcere

Mwana aliyense wa ku Angónia, ku Macanga kapena ku Tsangano amacidziwa citedze. Citedze cikamukhudza, khungu limayabwa. Akakanda, kuyabwa kumakula. Mwanayo amaidziwanso njuci. Njuci ikaluma imasiya mbola yake pakhungu. Zinthu izi mwana amaphunzira kwa amake, kwa agogo ndi kwa anzake kubusa.

Koma dziko la Moçambique ndi lalikulu. Kum'mawa kwake kuli nyanja ya mcere. Gombe lake ndi lalitali makilomita oposa 2400. Mizinda ya Pemba, Nacala, Beira ndi Maputo ili m'mbali mwa nyanja imeneyi. Mabanja ambiri a ku Tete ali ndi abale kumeneko, ndipo ana ena amapita kukaceza pa tchuthi. M'nyanjamo muli kanyama kamene agogo a kumtunda sanakaonepo. Kanyamako kakaluma mwana, nzeru za kumudzi zikhoza kuonjezera kuwawa m'malo mothandiza.

Kanyamaka ndi kotani?

Dzina lake pa Cipwitikizi ndi alforreca. Ena amati água-viva, ndiye kuti madzi amoyo. Dzinali ndi loyenera. Mwa magawo 100 a thupi lake, magawo 95 ndi madzi.

Alforreca si nsomba. Alibe mafupa. Alibe magazi. Alibe mtima, alibenso ubongo. Thupi lake limafanana ndi bowa, ndipo ndi loterera ngati therere. Pansi pa thupi pamalendewera zingwe. Kanyamaka kamasambira pang'onopang'ono. Mafunde ndi mphepo ndizo zimakatengera kutali.

Alforreca ali ndi m'bale wake wotchedwa caravela. Caravela ndi yobiriwira ngati kumwamba. Imaoneka ngati kathumba ka pulasitiki kopoperedwa mpweya. Imayandama pamwamba pa madzi, koma zingwe zake zimatsikira pansi. Zingwe zina zimatalika mamita 10 kapena kupitirira. Mphepo ikaomba kucokera kunyanja, imakankhira tinyamati pamcenga.

Kamaluma bwanji?

Kanyamaka kalibe mano. Cida cake cili m'zingwe zija. Cingwe ciliconse cili ndi timbola tambirimbiri, tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso. Kambola kalikonse kamakhala kokulungidwa ngati nkhata m'kathumba kake. Cinthu cikakhudza cingwe, timbola timafwamphuka, timalasa, ndi kuthira ululu. Umu ndi mmene kanyamaka kamagwirira tinsomba takudya.

Kanyamaka sikathamangitsa munthu. Munthu ndiye amakakhudza, posambira kapena poyenda pamcenga. Khungu limatentha ngati lapsa ndi moto. Pamatuluka mizere yofiira ngati pokwapulidwa ndi mkwapulo. Pamatupa, kenaka pamayabwa.

Pali cinthu cimodzi cofunika kucikumbukira. Kanyamaka kakafa, timbola take sitifa msanga. Alforreca wogona pamcenga amalumabe. Ngakhale kacingwe koduka kamalumabe.

Zimene zinacitika ku Beira

Mtsikana wina wa zaka 7 anapita ku Beira kwa amalume ake. Ulendo wocokera ku Tete ndi wa makilomita pafupifupi 600. Aka kanali koyamba kuti aone nyanja ya mcere. Analawa madzi, nalavula. Onse anaseka.

Ali kutola zigoba za nkhono pamcenga, anaona kathumba kobiriwira. Kanali kokongola. Anakanyamula kuti akaonetse amalume. Cingwe cinamukulunga pamkono.

"Mayo ine! Malume, ndapsa!"

Amalume anathamanga. Anatapa mcenga kuti atikite mkonowo. Akazi awo anatsekula botolo la madzi akumwa kuti atsuke. Pafupi panali msodzi wacikulire, ali kusoka ukonde wake. Anaimirira msanga.

"Pepani bambo, musatikite. Inunso mayi, madzi a m'botolowo musathire."

"Nanga titani, acikulire? Mwana akulira."

"Tengani madzi a m'nyanja."

Msodzi uja anathira madzi a m'nyanja pamkono. Anatola kamtengo, nacotsa zingwe zonse cimodzicimodzi. Sanazigwire ndi zala. Kenaka anapempha madzi otentha kwa mayi wina wogulitsa tiyi. Anawasakaniza ndi ozizira m'beseni. Anayamba waviikamo cigongono cake kuti amve kutentha kwake.

"Bwera mdzukulu wanga, viika mkono umu."

Mtsikanayo anaviika mkono. Madzi akazizira, anali kuonjezamo otentha. Patapita mphindi 20, kulira kunatha. Mizere yofiira inakhala masiku angapo, kenaka inazimirira.

Amalume ndi akazi awo sanali anthu oipa. Anafuna kuthandiza mwana. Anacita zimene akadacita kumudzi. Koma cingwe cikamatirira pakhungu, timbola tambiri timakhala tisanalase. Munthu akatikita, timbola totsalato timafwamphuka. Madzi opanda mcere nawonso amatifwamphula. Msodzi uja anadziwa zimenezi cifukwa anakulira kunyanja.

Zoyenera kucita

1. Mwana atuluke m'madzi msanga, aitane munthu wamkulu.
2. Asakande, asatikite.
3. Munthu wamkulu atsuke polumidwapo ndi madzi a m'nyanja.
4. Acotse zingwe ndi kamtengo kapena ndi supuni.
5. Aviike polumidwapo m'madzi otentha kwa mphindi 20 kapena kupitirira. Kutentha kumacepetsa kuwawa.

Zosayenera kucita

1. Kutsuka ndi madzi akumwa zingwe zisanacoke.
2. Kutikita ndi mcenga, ndi kapulana kapena ndi dzanja.
3. Kuthira mkodzo. Anthu ambiri amati umathandiza, koma suthandiza.
4. Kuthira kacasu.
5. Kutema mphini polumidwapo.

Nthawi yothamangira kucipatala

Ana ambiri olumidwa amacira popanda vuto. Koma ululu ukhoza kuyenda m'thupi lonse. Mwana atengedwe kucipatala nthawi yomweyo ngati:

akubanika popuma;
nkhope, milomo kapena lilime zatupa;
akusanza, akumva cizungulire kapena wakomoka;
akumva kuwawa pacifuwa, m'mimba kapena kumsana;
walumidwa m'maso, m'kamwa kapena mbali yaikulu ya thupi.

Mwana wakhanda akalumidwa, apite naye kucipatala ngakhale akuoneka bwino. Thupi lake ndi laling'ono, ndipo ululu umamugwira msanga. Cilonda cikayamba mafinya patapita masiku, anamwino acione.

Mau kwa makolo

Ana a kalasi yoyamba sangawerenge okha mau onsewa. Makolo kapena akulu awo awawerengere pang'onopang'ono, ndi kukambirana nawo.

Madzi oviikamo mwana akhale otentha, koma osawaula khungu. Kutentha koyenera ndi pafupifupi madigiri 45. Munthu wamkulu ayambe wayesa ndi cigongono cake, monga acitira posambitsa khanda. Mwana wolumidwa sangadziwe bwino ngati madzi atenthetsa. Ngati kuwawa kukupitirira, paracetamol amathandiza, pa mlingo woyenera msinkhu wa mwanayo.

Mitundu ya alforreca ndi yambiri. Wina uli ndi thupi la ngodya zinayi ngati bokosi. Woopsa kwambiri wa mtundu umenewu umapezeka kumpoto kwa Australia, ndipo ukhoza kupha munthu m'mphindi zocepa. Pa mtundu wa bokosi, anthu amathira vinagre polumidwapo kwa masekondi 30. Vinagre sathetsa kuwawa. Nchito yake ndi kuletsa timbola totsala kuti tisalase. Akathira, amathamangira kucipatala.

Banja likafika kunyanja, liyambe lafunsa asodzi ngati madzi ali bwino tsiku limenelo. Ngati pamcenga pali tinyamati tambiri, ndiye kuti m'madzi mulinso tambiri. Tsiku lotero ana asasambire. Mlendo wa ku Beira akafika ku Angónia, eni mudzi amamuonetsa citedze kuti asacikhudze. Nayenso mwana wa kumtunda akafika kunyanja, amvere eni nyanja.

Tiyankhe mafunso

1. Kodi alforreca amakhala kuti?
2. Thupi lake limafanana ndi ciyani?
3. Kodi alforreca wakufa amaluma?
4. Cifukwa ciyani msodzi analetsa amalume kutikita ndi mcenga?
5. Ndi madzi ati amene msodzi anatsukira mkono?

Tijambule

Jambula alforreca ndi zingwe zake. Pansi pake lemba mau awa: Ona, usakhudze. Ukafika kunyumba, uwaonetse agogo cithunzico, ndipo uwafotokozere zimene msodzi anacita.