Kasungu: Kumene Ndege Inapangidwa ndi Mpeni ndi Guluu

Msewu wa M1 ukachoka mumzinda wa Lilongwe kulowera kumpoto umadutsa pa Lumbadzi, pafupi ndi bwalo lalikulu limene ndege za mayiko akunja zimatera. Ukapitirira pa Mponela ndi pa Madisi, n'kuwoloka mtsinje wa Bua, dziko limatambasuka ngati mphasa. Uku ndi uku kuli minda ya fodya ndi chimanga, zigafa zofolera ndi udzu, ngolo za ng'ombe ndiponso njinga zosenza matumba a makala. Chapatali pamaoneka phiri loima lokha pachidikha, ndipo m'munsi mwake ndimo muli tauni ya Kasungu, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera ku likulu la dziko la Malawi.

Boma la Kasungu limadziwika ndi fodya, ndi nkhalango yake yosungirako nyama zakutchire, komanso poti ndi kwawo kwa mtsogoleri woyamba wa dzikolo, Dr Hastings Kamuzu Banda. Koma kunja kwa tauniyi kulinso bwalo la ndege laling'ono, limene ndege zonyamula anthu sizitera kawirikawiri. Mu June 2017, boma la Malawi pamodzi ndi bungwe la UNICEF linapatula bwaloli ndi mlengalenga mozungulira, makilomita 40 mbali zonse, kuti akhale malo oyeserako tindege touluka popanda munthu m'kati, timene ambiri amatitcha ma drone. Anali malo oyamba a mtundu wotere mu Africa okhazikitsidwa kaamba ka ntchito zothandiza anthu.

Mtunda umene umadwalitsa ana

Chimene chinachititsa zonsezi ndi kutalika kwa mtunda. Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV sangayezedwe ndi kachipangizo kaja kopereka zotsatira pompopompo, chifukwa kwa miyezi yambiri magazi ake amakhala akadali ndi chitetezo chochokera kwa mayi ake. Akakwanitsa milungu isanu ndi umodzi, achipatala amamutenga timadontho ta magazi, kutidontheza pa kapepala kapadera, kuumitsa, n'kutumiza ku labotale yaikulu. M'chaka cha 2016 bungwe la UNICEF linanena kuti ku Malawi kapepalako kankatenga masiku pafupifupi 11 kuti kafike ku labotale, ndipo zotsatira zinkatha kuchedwa mpaka milungu isanu ndi itatu kuti zibwerere. Kuchedwa kotere n'koopsa, pakuti mwa makanda amene ali ndi kachilomboka koma osalandira mankhwala, pafupifupi theka amamwalira asanakwanitse zaka ziwiri.

Aliyense amene anagwirapo ntchito kumudzi akudziwa chimene chimachedwetsa katundu wopepuka chotere. Njinga yamoto imasowa mafuta, ambulansi imakhala itapita kwina, ndipo mvula ikagwa misewu yafumbi imasanduka thope, milatho yamitengo n'kukokoloka. Mu March 2016, ku Lilongwe anayesa kuulutsa timapepala totere kuchokera pa chipatala cha ku Area 25 kupita ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central. Zinatheka ndithu, koma makinawo anali a kampani yakunja, okwera mtengo, ndipo akanawonongeka palibe mmisiri wapafupi amene akanawakhudza. Kodi mwana wa m'dziko momwemo sakanatha kupanga ndege yake, yoti ikathyoka phiko aikonze yekha?

Masiku awiri, ndege zisanu

Yankho linapezeka ku Kasungu mu November 2017, nyengo imene dzuwa limaswa mtengo, alimi atamaliza kuunga mizere ndipo akuthirira nazale za fodya m'madambo podikira mvula yoyamba. Akatswiri a ku sukulu ya ukachenjede ya Virginia Tech ku America, motsogozedwa ndi mphunzitsi wawo Kevin Kochersberger, anabwera ndi pulani ya ndege yotchedwa EcoSoar. Ophunzira 13 a ku Malawi anakhala pansi masiku awiri n'kupanga ndege zisanu. Iliyonse inadya ndalama pafupifupi madola 350 a ku America.

Chodabwitsa chinali chopangira chake. Thupi ndi mapiko a ndegeyi zinali za bolodi yopepuka yotchedwa foam board, imene m'masukulu ndi m'maofesi amamatapo zithunzi ndi zolengeza. M'kati mwake muli pulasitiki yathovu, yofanana ndi zoyera zija zimene amatchingira filiji kapena wailesi yatsopano m'katoni, ndipo kunja kwake kuli pepala mbali zonse ziwiri. Mbali yaikulu ya thovulo ndi mpweya, n'chifukwa chake bolodiyo imapepuka. Pepala lakunjalo ndi limene limailimbitsa kuti isapindike. Tizigawo tina tolumikizira anatiumba ndi makina otchedwa 3D printer, amene amasungunula pulasitiki n'kumaisanja pang'onopang'ono mpaka chinthu chitaoneka.

Ntchito yopanga ndege yotere imafanana ndi ya telala komanso ya kalipentala. Mmisiri amayala pulani pa bolodi, kulemba mizere, n'kudula ndi mpeni wakuthwa kwambiri, pakuti mpeni wobuntha umang'amba thovu. Pofuna kupinda phiko amacheka mosapyoza, kusiya pepala la mbali imodzi kuti ligwire, kenaka n'kumata ndi guluu. Phiko liyenera kukhala lokhota pamwamba ndi losongoka kumbuyo, kuti likamang'amba mpweya lizikankhira mpweyawo pansi, ndege n'kunyamuka. Ndege ikakula, m'kati mwa phiko amaikamo mtanda wolimba, monga mmene denga lalitali limafunira phaso lamphamvu. Mapiko awiriwo akasiyana ngakhale pang'ono, ndegeyo imapendekera mbali imodzi.

Pamene pagona luso lenileni ndi pa kulinganiza kulemera. Mmisiri amanyamula ndege pa zala ziwiri pansi pa mapiko, chakutsogolo pang'ono, n'kuona ngati yakhazikika. Ikalemera kumutu imauluka movutikira. Ikalemera kumchira imadzuka mphuno n'kugwa, ndipo nthawi zambiri siulukanso. Amasuntha batire uku ndi uku mpaka zitalingana, monga amachitira wa kabaza pomanga katundu panjinga. Mota yamagetsi imazunguza chopukusa mpweya, ndipo timamota tating'ono timakoka zitseko za pamapiko zimene zimakhotetsa ndege. Munthu ali pansi amaiyendetsa ndi rimoti ya wailesi. Koma pa ulendo wautali, woti maso sangaione, imatsogoleredwa ndi kakompyuta kam'kati kamene kamatsata njira yolembedwa kale pogwiritsa ntchito GPS.

Ulendo wochokera pa Gogode

Atamaliza kuziyesa pabwalo, ananyamula imodzi mwa ndegezo kupita nayo ku chipatala chaching'ono cha Gogode, m'boma lomwelo. Khamu la anthu a m'midzi yozungulira linasonkhana kudzaona. Ndegeyo inanyamuka ndi kaphukusi koyerekezera katundu wa kuchipatala, n'kuuluka yokha mtunda wa makilomita 19 mpaka kukatera pa bwalo la Kasungu. Inapangidwa kuti izinyamula magalamu 130 okha, kulemera kofanana ndi sopo wosambira mmodzi. Ndi katundu wochepa, koma timapepala ta magazi a makanda ambiri tikhoza kukwana m'menemo.

Kusonkhana mwamtendere kwa anthuwo si nkhani yaing'ono. M'miyezi ya September ndi October chaka chomwecho, mphekesera za anamapopa zinali zitasokoneza maboma a Mulanje, Phalombe ndi ena a kumwera, ndipo anthu angapo anaphedwa pongowaganizira kuti amapopa magazi. M'midzi yambiri, nkhani ya chinthu chouluka chopanda woyendetsa imakumbutsa za malichero a afiti. Ndege yonyamula magazi ikhoza kusanduka chinthu choopedwa ngati mafumu, alangizi a zaumoyo ndi atsogoleri a mipingo sanafotokozere anthu ntchito yake. Apa ndi pamene bolodi yathovu ili ndi mwayi umene chitsulo chonyezimira chilibe. Munthu akhoza kuigwira, kuinyamula ndi dzanja limodzi, kuona pamene anamata ndi guluu, ndi kumva mnyamata kapena mtsikana wolankhula chinenero chake akunena kuti waipanga ndi iyeyo.

Zimene ingathe ndi zimene singathe

Ndege yathovu ili ndi malire ake. Pepala lake limafewa likanyowa, choncho imafuna kukutidwa ndi tepi kapena penti. Kamvuluvulu wa m'chilimwe akhoza kuigwetsa. Batire yake imafuna magetsi kapena sola, ndipo mota, batire ndi kakompyuta zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Siinganyamule mayi wovutika pobereka, ngakhalenso thumba la fetereza. Msewu wabwino ndi mlatho wolimba zikufunikabe monga kale. Kuiulutsa kumafunanso chilolezo cha nthambi ya boma yoona za maulendo a ndege.

Komabe ikaikidwa kamera imaona zimene munthu woyenda pansi sangaone. Imajambula minda n'kuonetsa pamene mbewu zafota, pamene ngalande zikukula ndi pamene mitengo yatha. Ku Kasungu komweko ofufuza za malungo anagwiritsapo ntchito ma drone posaka zithaphwi zimene udzudzu umaswana. M'chaka cha 2019, pa nthawi ya namondwe wa Idai, ma drone anajambula madera osefukira ku chigwa cha Shire kuti opereka thandizo adziwe kumene madzi afika.

Mu January 2020, ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, mothandizidwa ndi UNICEF, Virginia Tech ndi sukulu ya ukachenjede ya Malawi University of Science and Technology ya ku Thyolo. Ophunzira oyamba anachokera ku Malawi ndi mayiko ena a mu Africa, ndipo oposa theka anali atsikana. Anaphunzira kupanga ndege, kuiulutsa ndi kumasulira zithunzi zake.

Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ku Kasungu mwambiwu si wachilendo. Ku Wimbe, m'boma lomweli, ndi kumene William Kamkwamba ali ndi zaka 14 anapanga makina a mphepo otulutsa magetsi pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, zotsala za njinga ndi zitsulo zotayidwa. Ndipo wapaulendo wobwerera ku Lilongwe madzulo amakumanabe ndi ana m'mphepete mwa msewu akuyendetsa magalimoto amawaya, okhala ndi chiwongolero chachitali ndi mateyala a zitsekerero za mabotolo. Mwana amene amadziwa kuyeza waya, kuupinda ndi kulinganiza mateyala anayi ali kale ndi theka la luso limene linafunika pa Gogode. Chimene akusowa ndi bolodi, batire ndi mphunzitsi.