Dengu la Tiyi ndi Batire Lotopa

Tsiku lina ndinapita ku sukulu ina ya ku Chimaliro, m'boma la Thyolo, kukaona wophunzira wathu amene anali kuyesera kuphunzitsa. Phunziro la sayansi lili mkati, mtsikana wina anaimika dzanja nati: "Aphunzitsi, kale batire la sola la kwathu linkayatsa nyale mpaka usiku pakati, koma tsopano limazima ndisanathe kuŵerenga, chikhalirecho dzuŵa ndi lomwe lija. Chalakwika nchiyani?" Mphunzitsiyo anangoti, "Latha mphamvu," napitiriza kulemba pa bolodi. Ndiulule kuti nanenso ndikadayankha chimodzimodzi, ndipo ndinabwerera ku koleji ndi manyazi.

Nditafufuza ndinapeza kuti chimene chimatha ndicho thupi la batirelo. Batire la mtovu ndi asidi, limene Gaston Planté anapanga mu 1859, lili ndi mbale za mitundu iŵiri. Mbale ya mbali yolembedwa chizindikiro cha + ndiyo kathodi pamene batire likugwira ntchito. Nyale ikamayaka, mankhwala a pa mbaleyi amasanduka mchere wa mtovu ndipo amafufuma; tikatchaja amabwerera mwakale nafwapha. Kufufuma ndi kufwapha kwa tsiku ndi tsiku kumawasukusa, mpaka amayoyokera pansi ngati matope. Chimene chayoyoka sichisunganso magetsi, ngakhale dzuŵa liwombe chotani.

Batire la m'foni nalonso lili ndi nthenda yofanana. Kathodi yake yoyamba kutchuka, ya lithium ndi cobalt, anaitulukira John Goodenough ndi anzake ku Oxford mu 1980, ndipo kampani ya Sony inayamba kugulitsa mabatire otere mu 1991. Lithium imatuluka mu kathodi potchaja niloŵanso pogwiritsa ntchito, ndipo m'kupita kwa nthaŵi timibulu ta kathodiyo timachita ming'alu. Kutentha kumafulumiza kuwonongekaku.

Nditabwereranso ku sukulu ija ndinanyamula dengu lakale lothyolera tiyi, pakuti ana ambiri a kumeneko makolo awo amaliberekera kumsana m'minda. Ndinafunsa kuti, "Dengu ili likutaya masamba, kodi tiyi watha m'munda?" Onse anaseka. Mnyamata wina anati, "Iyayi, nsungwi zathyoka chifukwa cha kudzaza ndi kukhuthula." Mtsikana uja anamaliza yekha: "Ndiye kuti batire lathu ndi dengu lobooka." Pamenepo tinagwirizana kuti akauze bambo ake kuti batire la mtovu lisamakhuthulidwe mpaka kuzimiratu, ndi kuti lizikhala pamthunzi. Ndinawachenjezanso kuti asalitsegule konse, pakuti mtovu ndi asidi ndi poizoni.

Tsono inu aphunzitsi a maŵa, mwana akakufunsani chimene simudziŵa, musamutseke pakamwa ndi mawu aŵiri. Muuzeni kuti mukafufuza, ndipo pobwera mutenge chinthu chimene iye amachiona kwawo. Mtsikana uja sanafunse kuti akhoze mayeso a sayansi. Anafuna nyale yoŵerengera.