Khutu la Makanika wa ku Chilenje

Mzinda wa Lusaka uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho mpweya wa kuno ndi wopepukirapo. Anthu sazimva zimenezi, koma injini ya petulo imazimva. Kabuleta yochunidwira dziko la m'mphepete mwa nyanja ikafika kuno imamwa petulo wochuluka poyerekeza ndi mpweya umene ikukoka: utsi umada, mapulagi amachita mwaye, thanki n'kumauma msanga. M'zaka za m'ma 1980, pamene mlembi wa nkhani ino ankakula ku Chilenje, vutoli linkathetsedwa ndi munthu wogwira sikuludiraiva m'manja, khutu ataliyandikiza pa injini.

Mavaneti a nthawi imeneyo anali odziwika: Peugeot 404 ndi 504, Datsun 1200, Toyota Stout ndi Hilux. Ndiwo ankatuta makala, mabuloko, unga ndi kabichi kupita ku msika wa Chilenje, ndiwonso ankanyamula anthu operekeza maliro ku manda a Leopards Hill. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zinayamba kusowa, masipeya nawonso anasowa. Galimoto ikafa, mwiniwake sankaganiza zogula ina ayi. Ankafunsa anzake kuti ndani angaidzutse.

Amalume ake a mlembiyu anali mmodzi mwa odzutsawo. Galaja yawo inali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ku Chilenje South, ndipo mphwawoyu ndiye ankawapatsira masipanala akaweruka kusukulu. Lamulo lawo linali limodzi: kabuleta saigwira moto usanalongosoke. Eni magalimoto ambiri ankafika atagamula kale mlandu kuti yalakwa ndi kabuleta, poti ndi imene imaonekera ukangotsegula boneti, koma kawirikawiri cholakwa chinkapezeka mu disitibyuta. Amalumewo ankayamba ndi mapointi, tizitsulo tiwiri timene timatseguka ndi kutsekeka kuti koyilo itumize moto ku mapulagi. Mpata wake umafunika kukhala wosakwana theka la milimita, cha m'ma 0.45 pa injini zambiri za Toyota ndi Datsun. Geji ikasowa, kachikatoni ka bokosi la machesi kankagwira ntchito. Mapointi opserera sankatayidwa. Ankawapala ndi sandipepa mpaka awale, n'kuwabwezera.

Kenako inkabwera tayimingi. Moto umayenera kuthetheka pisitoni isanafike pamwamba penipeni, madigiri apakati pa 5 ndi 10 injini ikamalira pang'onopang'ono, malinga ndi mtundu wa galimoto. Magalaja akuluakulu a m'tauni anali ndi tochi yothwanima yoonera chizindikiro cha pa pule. Amalumewo anali ndi babu la mavoti 12 ndi mawaya awiri basi. Ankazunguza injini ndi sipanala mpaka chizindikiro chifike pamzere, n'kumasula bawuti ya disitibyuta, n'kumaipotoza mwakachetechete mpaka babu liyake. Mayeso enieni anali pamsewu. Ankakweza matumba kumbuyo, n'kulowa msewu wa Leopards Hill, giya yachinayi liwiro lili lochepa, kenako n'kuponda mafuta mpaka pansi. Injini ikamagogoda ngati timiyala m'chitini, ndiye kuti moto wafulumira, disitibyuta ibwezedwe pang'ono. Ikachita ulesi n'kumatentha, moto wachedwa.

Apa m'pamene ankayang'ana kabuleta, injini itatentha kaye. Sikulu yosakanizira petulo ndi mpweya ankaimanga mofatsa mpaka ikhale, n'kuimasula kawiri, kenako n'kumaisuntha pang'onopang'ono akumvetsera pamene injini ikulira mosadukiza. Mabuku amati petulo amapsa bwino pakakhala makilogalamu 14.7 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya petulo. Amalumewo nambalayi sankaitchula, koma ankaiwerenga pa pulagi: yakuda ndi mwaye, petulo wachuluka, yoyera mbuu, petulo wachepa ndipo mavalavu ali pangozi, yofiirira, zinthu zili bwino. Ntchitoyi inkayenda ndi nyengo. M'mawa wa June ndi July galimoto inkafuna choki, apo ayi anyamata aikankhe. Fumbi la August mpaka October linkatseka sefa ya mpweya, ndipo majeti ankafunika kuwatsuka kawirikawiri.

Zinthu zinatembenuka boma litasintha mu 1991. Malonda atamasulidwa, magalimoto akale a ku Japan anayamba kulowa mwaunyinji, ena kudzera ku Durban, ena ku Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde. Kampani ya mabasi ya UBZ itagwa mu 1995, timabasi ta Hiace tinadzaza misewu ya Chilimbulu ndi Burma. Ma Corolla amene ankafika, ambiri analibe kabuleta. Petulo ankamwazidwa ndi mainjekita, ndipo kompyuta yaing'ono inkayeza yokha mpweya, kutentha ndi utsi, n'kusankha nthawi yothethera moto. Pang'ono ndi pang'ono disitibyuta nayo inazimiririka, pulagi iliyonse n'kukhala ndi koyilo yakeyake. Vaneti yatsopano masiku ano imakhala ya dizilo, Hilux kapena Isuzu kapena Ford Ranger, ndipo palibe sikulu imene khutu lingachune nayo.

Mlembiyu salira nazo zonse zimene zinapita. Galimoto ya lero imalira kamodzi kokha m'mawa wa July, imamwa mafuta ochepa, ndipo kukwera kwa Lusaka imakuwerengera yokha popanda munthu kusintha jeti. Palinso nkhani ya thanzi. Petulo wa nthawi ija anali ndi mtovu, komabe anyamata a m'galaja ankamupopa ndi pakamwa papaipi, ankauzira majeti ndi milomo, ankasambanso naye m'manja asanadye nsima. Palibe ankawauza kuti mtovu umawononga ubongo, makamaka wa ana. Mayiko a kum'mwera kwa Sahara anagwirizana ku Dakar mu 2001 kuti petulo wotereyu athe pofika kumapeto kwa 2005, ndipo dziko lomaliza padziko lonse kumusiya, Algeria, linatero mu 2021. Imeneyi ndi nkhani yosangalatsa kwa aliyense amene anakulira pafupi ndi utsi wa ekizozi.

Chimene chimamudetsa nkhawa ndi kaganizidwe kamene kakuchepa. Mnyamata wophunzira pa kabuleta ankakakamizika kufunsa mafunso mwadongosolo: moto ulipo? Ukufika panthawi yake? Petulo akufika? Mpweya sukulowera penapake pong'ambika? Lero mwini galimoto wa ku Kabwata kapena Woodlands amalipira kuti aiike pa mashini, mashiniyo n'kutulutsa nambala yonena kuti petulo wachepa m'chisakanizo. Makanika wopupuluma amathamangira kugula sensa yatsopano, pamene vuto ndi kapaipi ka labala kong'ambika, komwe makanika wakale akanakamva kakuchita mluzu. Mashini imasonyeza pamene pakupweteka, koma chifukwa chake chimafunabe munthu woganiza. Amakanika amene amayamikiridwa kwambiri m'makomboni a Lusaka, m'kuona kwa mlembiyu, ndi amene anadutsa m'sukulu ziwirizi, ya babu ndi ya kompyuta.

Mavaneti akalewo sanathe. Nissan 1400, mdzukulu wa Datsun 1200, inapangidwabe ku Rosslyn ku South Africa mpaka 2008, kabuleta yake ili pomwepo, ndipo Hilux ya injini ya 4Y ikuonekabe itasenza mchenga ndi malata kupita kumapuloti a ku Chalala. Eni ake amaisunga chifukwa ikafera panjira ya ku Chongwe imakonzeka ndi masipanala atatu ndi waya. Masipeya amakawasaka ku msika wa Town Centre, koma madandaulo awo ndi akuti mapointi ndi makondensa ena a masiku ano sachedwa kupserera. N'chifukwa chake ambiri ayamba kuchotsa mapointiwo n'kuika kachipangizo kamagetsi m'kati mwa disitibyuta, kosafuna kupala kapena kuyeza mpata. Akatero tayimingi imakhala pamalo pake kwa nthawi yaitali, ndipo chotsala n'kutsuka kabuleta fumbi la October likadutsa ndi kuichuna utsi usanakafike pamaso pa oyeza magalimoto a RTSA.