Mawati a Pabokosi ndi Mawati a Kumbuyo

Pali nambala imene imagulitsa masabuufa ndi maampulifaya kuposa wamalonda aliyense wa pakamwa pokoma: "5000W PMPO". Imalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pabokosi, ndipo ife ophunzira tikagwira kandalama, maso amathamangira pomwepo. Ine ndimaphunzira mabuku ndi chinenero. M'kalasi tinazolowera kufunsa mawu alionse kuti: akulankhula ndani, akuuza yani, akufuna chiyani? Nambalayi ndikaifunsa mafunso omwewo, ndimapeza kuti ndi mawu okopa amene avala jekete la sayansi.

Tiyambe ndi samu ya ku pulayimale. Magetsi a m'nyumba zathu ku Malawi ndi a mavoti 230, ndipo fyuzi yaikulu ya m'pulagi ya mano atatu ija ndi ya maampu 13. Mukachulukitsa ziwirizi mumapeza mawati 2,990. Amenewo ndiwo malire a pulagi. Chipangizo sichingapitirize kutulutsa mphamvu yoposa imene chikulandira, monga thumba silingatulutse chimanga choposa chimene munathiramo. Ndiye mawati 5,000 akuchokera kuti? Tembenuzani sabuufayo muwerenge kachikwangwani ka kumbuyo, pafupi ndi chingwe cha magetsi. Ngati akuti imadya mawati 60, dziwani kuti opita ku masipika ndi ochepera pamenepo, chifukwa ena amathera m'kutentha.

Zilembo za PMPO zimaimira Peak Music Power Output, kutanthauza mphamvu ya pachimake imene chipangizo chingafike kwa kamphindi kosakwana n'kuphethira komwe. Vuto lake n'lakuti palibe njira imodzi yogwirizana yoyezera zimenezi. Kampani iliyonse imadziyezera yokha, n'kulemba zimene yakonda.

Matendawa ndi akale. Ku America anafika poipa moti mu 1974 bungwe la boma la Federal Trade Commission linakhazikitsa lamulo la maampulifaya a m'nyumba. Wotsatsa mawati anayenera kutchula mphamvu imene chipangizo chimatulutsa mosalekeza, imene ambiri amaitcha RMS, mbali zonse ziwiri za sitiriyo zikuimba pamodzi. Anayeneranso kunena maohmu a sipika imene anayezera, kuyambira mawu otsika bwanji kufika okwera bwanji, ndiponso kuti mawuwo anasasa mochuluka bwanji. Asanayeze, ampulifaya inkayamba yagwira ntchito kwa ola lathunthu kuti itenthe. Lamuloli linakonzedwanso mu 2024. Chimene chimandikhudza n'chakuti silinaletse nambala zikuluzikulu mwachisawawa. Linangokakamiza wotsatsa kumaliza chiganizo chake. "Mawati 100" ndi theka la chiganizo. Kwa nthawi yaitali bwanji? Pa sipika yotani? Nyimbo ikumveka bwino kapena ikulira ngati chitini?

Chodabwitsa china n'chakuti ngakhale mawati oona sapatsa phokoso limene timaganiza. Mukawirikiza mphamvu kawiri, phokoso limangokwera ndi madesibelo 3, kusiyana kumene khutu limakumva pang'ono chabe. Kuti nyimbo imveke ngati yakwera kawiri pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi. Masipika ambiri a m'nyumba amatulutsa madesibelo apakati pa 85 ndi 90 ndi wati imodzi yokha, munthu ataima mita imodzi kuchokera pamenepo. M'chipinda cha ku hositelo, mawati 20 oona ndi okwanira kukudanitsani ndi khonde lonse.

Ena amati, "Aliyense amadziwa kuti n'zotsatsa chabe, vuto lili pati?" Ine sindivomereza. Mnzanga amene wadya zigege mwezi wonse kuti agule wailesi amasankha pakati pa mabokosi awiri. Lina lalemba chilungamo, 40W RMS. Lina lalemba 3000W PMPO. Iye amanyamula lachiwiri, mwina lofooka kuposa loyambalo, ndipo kampani yonena zoona ndiyo imalangidwa. Mawa nayonso idzaphunzira kukokomeza.

N'chifukwa chake ine ndikalowa m'sitolo, kutsogolo kwa bokosi ndimakuwerenga ngati ndakatulo yotamanda mfumu, kumbuyo ndimakuwerenga ngati umboni wa m'khoti. Ndimafuna mawu akuti RMS, maohmu, ndi mawati amene chipangizocho chimadya. Kenako ndimapempha kuti aike nyimbo imene ndimaidziwa bwino, akweze mpaka pamene besi yayamba kusweka. Wogulitsa akakana, ndiye kuti wandiyankha kale.