Mthunzi wa pa Chiponde

Ndakhala pansi pa mtengo wa mango pano pa Chiponde, kudikira minibasi ya ku Mangochi kuti idzaze. Mathiraki olowera ku Mandimba andanda mpaka kutseka njira, akabaza akungozembera m'mbali. Aliyense akuti msewuwu aukuze basi. Inenso sindikukana.

Koma ndakumbukira ku Lilongwe. Pa Area 18 atamanga msewu wodutsa pamwamba, mndandanda wa magalimoto unachepadi. Kenako mu 2021 anagwetsa mitengo ya mu Kenyatta Drive pokuza msewu, anthu n'kudandaula pa Facebook mitengo itagona kale.

Okuza msewu akadzafika kuno, woyamba kugwa ndi mtengo uno. Nanga amayi a zitumbuwawa ndi anyamata osintha ndalama adzausa pati?

Kondakitala akuti kwatsala anthu awiri. Ananenanso zomwezo ola lapitalo.