Tizitsulo ta m'Citini

Pamene ndinaleka sukulu m'caka ca 1984 ndinasowa cocita, ndipo atate anandipereka kwa mmisiri wina wokonza magalimoto pa Chongwe, m'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata. Nchito yanga inali yotsuka zitsulo m'parafini ndi kupatsira masipanala.

Tsiku lina mlimi wa kufupi ndi Chalimbana anafika alikukoka ndi thirakitala kagalimoto kankhondo kochedwa jipi, kamene nkhuku zinali zitaikiramo mazira zaka zambiri. Anabweretsanso citini codzala ndi tizitsulo tadzimbiri timene mwini wace woyamba anamasula, nati afuna kuti kagalimotoko kaoneke monga m'mene kanaliri pa nkhondo. Abwana anga anasankha injini, ine nandipatsa citini, nati, "Mnyamata iwe, ukapeza malo a kacitsulo kali konse m'menemu, ndidzakuphunzitsa injini. Ukalephera, khasu likukudikira kwanu."

Magalimoto otere anapangidwa ku America kuyambira 1941 kufikira 1945, ndipo makampani awiri, Willys ndi Ford, anapanga opitirira 600,000. A Ford anali kudinda cilembo F pa zitsulo zao, ngakhale pa mitu ya mabauti. Nditapala dzimbiri ndinacipeza cilemboco, ndipo ndinakondwera, koma cinangondiuza amene anasula, cosandiuza pomangira. Thupi la galimoto linali ndi timabowo ponse-ponse, ndipo milungu iwiri inatha ine ndilikungoyesa-yesa ngati mwana wosewera nsolo.

Tsono ndinakumbukira agogo anga, amene anali dalaivala m'gulu la Northern Rhodesia Regiment, nakafika ku Burma m'caka ca 1944. Pa nthawiyi anali atacita khungu, ndipo ife adzukulu, ndinene zoona, tinali kuthawa nkhani zao za nkhondo poziyesa zotopetsa. Ndinamanga citini pa njinga ndi kupita kumudzi ndi manyazi.

Anakhala pamphasa natenga cimodzi-cimodzi, alikucipapasa ndi zala. Zitsulo zopindika ngati mpini wa ndowa anati ndi zogwirira za m'mbali ndi za kumbuyo, zimene asilikari anali kunyamulira galimoto ikatitimira m'matope. Kamphete kolowa ndi bauti anati n'kokoweka lamba wochinga pakhomo, pakuti jipi iribe zitseko. Citsulo cacitali cinali coikamo mfuti, ndipo malo ace ndi mkati, pansi pa galasi la kutsogolo. Kanyali kobvala cipewa anakaseka kwambiri, nati, "Aka, mdzukulu wanga, kamakhala pamwamba pa gudumu lakumanzere. Kuwala kwace n'kocepa dala, kuti mdani asakuone usiku. Ifenso sitinali kuona kanthu."

Potsiriza ndinawapatsa tizitsulo tating'ono topindika pakati, ta mabowo awiri-awiri, timene ndinafuna kutaya poyesa kuti n'ta pa bokosi la zobvala. Anatigwira nthawi yaitali osalankhula. Pambuyo pace anati n'topisamo malamba, ndi kuti tina timakhala kumbali ya dalaivala, kumanzere, kumene amamangirira nkhwangwa ndi fosholo. Anandiuza za cigwa ca Kabaw, kumene asilikari a kuno ku Africa anayenda m'nyengo ya mvula yosakata, nadwala malungo ambiri. Fosholoyo anali kukumbira magudumu m'mamawa, ndipo madzulo ena anakumbira nayo manda a mnzao wa ku Petauke, amene dzina lace anandichulira kawiri. Ndinali ndisanamvepo zimenezi, ngakhale ndinakulira pakhomo pao.

Nditabwerera ku Chongwe, mabowo anabvomerezana ndi mau ao onse. Kacitsulo kamodzi kokha kanasowa, ndipo ndinakasula ndekha ndi msomali waukulu. F panalibe, koma kanagwira. Abwana sananene kanthu, anangondiitana m'mawa mwace kuti ndidzaone m'mene amatsegulira kabyureta.

Galimoto italira, mlimi uja analola kuti tikawatenge agogo. Iwo anakana kukwera msanga. Anayamba aizungulira ndi ndodo yao, dzanja liri pa citsulo, kufikira anafika pa fosholo. Pamenepo anaima, nagwedeza mpini, nandidzudzula kuti lamba ndamanga ngati wa mtolo wa nkhuni. Anamasula namanganso okha, ndipo atatha anafunsa kuti mpando wao ndi uti.